Tipite dziko liti ndi ana athu asanachoke pakhomo?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Thyolo, amuna anga ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Kwa zaka ziwiri takhala tikuponya ku banki m'khonde kuti tidzatenge ana athu kukaona dziko lina. Mtsikana ali ndi zaka 17, akulemba MSCE chaka chino, mnyamata ali ndi zaka 14. Abambo awo akuti tipite ku Joni poti kuli achimwene awo. Mtsikana akufuna kukaona nyanja yamchere. Mnyamata akuti kulikonse, bola foni izikagwira. Ine ndikufuna ulendo woti akadzakula azidzaukumbukira, osati wongojambulitsa zithunzi m'mashopu. Tiyambire pati?

Yankho: Mayi, mapu muyambe mwawapinda kaye. Loweruka likubwerali tengani anawo mupite nawo kwa agogo awo, a kuchimuna kapena a kuchikazi amene akadali ndi mutu wabwino, mukakhale pa mkeka. Mtsikanayo akafunse funso limodzi lokha: makolo athu anachokera kuti, nanga ndani wa m'banja muno anayamba kutuluka m'dziko lino? Mnyamatayo agwire foni yake ija, ajambule mawu. Zimene agogo akayankhe n'zimene zikuuzeni kopita. Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kuno ku Mulanje zaka zambiri, ndadutsa malire ndi ana a eni ake komanso anga, ndipo ndinaona kuti mwana wa zaka 14 sachita chidwi ndi chipilala chimene sichikumukhudza. Mukamuuza kuti apa panadutsa agogo a agogo ako atasenza mtolo, amaima n'kuyang'ana.

Kwa ife a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, yankho la agogo kawirikawiri limaloza mbali ziwiri. Ena adzati kwathu kwenikweni ndi ku Mozambique, kufupi ndi phiri la Namuli. Ena adzati agogo anu aamuna anapita ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, anabwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Mabanja ambiri ali ndi nkhani zonse ziwiri. Ine ndikukankhirani ku yoyambayo, ndipo sindibisa chifukwa chake: ndi yapafupi, ndalama za banki m'khonde zingaikwanitse, ndipo nyanja yamchere imene mtsikana wanu akuilira ili kumapeto kwa njira yomweyo.

Timakonda kuganiza kuti kunja ndi kumene umakwera ndege pa Chileka. Koma kuchokera pa boma la Mulanje kukafika pa chipata cha Muloza ndi makilomita pafupifupi 30 okha. Mukadutsa msika wa Limbuli n'kuwoloka, mwalowa mu Milange: zikwangwani zili m'Chipwitikizi, ndalama ndi metical, buledi ndi tizidutswa tija tating'ono totentha timene amati pão, minibasi amati chapa. Mwana amene wakhala akuona phiri la Mulanje kuchokera mbali imodzi moyo wake wonse amaliona chakumbuyo koyamba. Zimenezo zokha zimamutsegula mutu.

Nkhani yoti muwafotokozere m'njira ndi yaitali, koma ndi yawo. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, akuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ambiri ali kale m'manja mwa azungu a minda, ndiye anakhala pa maesiteti n'kumalipira malowo ndi thukuta lawo. Ndiyo thangata ija ana amailoweza pokonzekera mayeso osadziwa kuti ikunena za agogo awo. Anthu ankawatcha dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka anthu monga Lewis Bandawe analimbana nalo kuti lichoke m'mabuku a boma m'zaka za m'ma 1940. Patapita nthawi njira yomweyo inadzazanso anthu: pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, dziko lathu linasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Inu ndi abambo awo mwina mukukumbukira anzanu a m'kalasi amene ankalankhula Chichewa chopotoka. Anawo sakudziwa zimenezi, ndipo sangazimve bwino kwina kulikonse kuposa ali pa mpando wa chapa akuona nyumba zakale za Apwitikizi zopanda madenga.

Mtima wa ulendowu ndi Gurué, tauni ya m'mapiri m'chigawo cha Zambézia. Abambo a kunyumbako akakafika akaseka okha, chifukwa Gurué ndi dera la tiyi ngati kwathu kuno: mizere yobiriwira yokwera m'mapiri, mitengo ya mthunzi, nkhungu ya m'mawa. Munthu amene amalemba makilogalamu a masamba tsiku ndi tsiku adzakhala ndi zofunsa zambiri kumeneko, ndipo ana adzaona bambo awo akudziwa kanthu pamaso pa alendo. Chimenecho musachipeputse. Pamwamba pa tauniyo pali Namuli, phiri lotalika mamita 2,419. Sapitwa wathu ali ndi mamita 3,002, ndiye mnyamata wanu adzanyoza kuti kaphiri komweka. Mulekeni anyoze. Alhomwe amati anthu oyamba anatuluka m'phiri limeneli, ndipo mpaka pano sumangokwera ngati ukupita kokatola nkhuni. Umayamba wakaonekera kwa eni dera a m'munsi mwa phirilo, utanyamula kamphatso monga ufa ndi shuga, iwo n'kukupatsa chilolezo ndi wokulondolera. Sindikukulangizani kuti mukafike pansonga, chifukwa chakumapeto kwake n'kotsetsereka ndipo kumafuna anthu ozolowera. Kuyenda tsiku limodzi m'minda ya tiyi mpaka m'midzi ya m'munsi n'kokwanira.

Ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, mwana woti Chilhomwe ankachidziwa cha pa Chonde basi, chija chokuwa pa chikondwerero cha Mulhako mu October. Pa mudzi wina mayi wachikulire anali kusenda chinangwa pakhonde. Mwanayo anapereka moni wa Chilhomwe amene agogo ake anamuphunzitsa usiku woti tinyamuka mawa lake. Mayi uja anaika mpeni pansi, n'kuyamba kulankhula mofulumira ngati madzi a Ruo nthawi ya dzinja. Mwana wanga sanamve ngakhale theka, anangogwira mawu awiri atatu amene amawamva agogo ake akamakalipira nkhuku. Tikubwerera sanalankhule kwa ola lathunthu. Titafika pogona anandibwereka foni kuti aimbire agogo ake, munthu amene kunyumba ankachita kumukakamiza kuti akawaone.

Za njira, funsani madalaivala a pa Milange sabata yomwe mukunyamukayo, chifukwa misewu ya kumeneko imasintha ndi mvula. Msewu wa tara wochoka ku Milange kupita ku Mocuba ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo kuchokera ku Mocuba mukhoza kukwera kumpoto kupita ku Gurué kapena kutsika kupita ku Quelimane, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Pali njira yachidule yochoka ku Milange kulunjika ku Gurué, koma ndi yodalirika m'chilimwe mokha. Ku Mocuba mudzawoloka mtsinje wa Licungo, umene unagumula mlatho mu January 2015 n'kudula dziko la Mozambique pakati kwa masabata angapo. N'chifukwa chake ndikuti miyezi ya January mpaka March muiiwale. Namondwe Freddy uja anatiliza mu March 2023 anatulukira kufupi ndi Quelimane komweko asanafike kuno. Nthawi yanu ndi tchuthi chachikulu, mtsikana akangomaliza mayeso, chakumapeto kwa July kapena mu August: misewu ndi youma, kunyanja sikunayambe kutentha kwambiri, ndipo iye ali pa nthawi ija yodikira zotsatira imene ana ambiri amangogona ndi kukwiya. Ku Gurué kumazizira ngati ku Thyolo, majuzi musasiye.

Ku Quelimane mnyamata wanu adzasangalala kuona kuti kabaza si wa ku Luchenza kokha, mzinda wonse umayenda pa njinga. Uli m'mbali mwa mtsinje umene Vasco da Gama anautcha Bons Sinais mu 1498, ndipo ndi pamene David Livingstone anamalizira ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda mu 1856. Gombe la Zalala lili pa mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera mu mzindamo, msewu wake wodutsa m'minda ya kokonati. Kumeneko mtsikana wanu akalawe yekha kuti madziwo ndi amcheredi. Koma muwachenjeze onse awiri kuti iyi si nyanja ya ku Mangochi. Madzi amaphwa n'kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo pobwerera amathamanga kuposa mmene munthu akuganizira. Asambe pamene eni dera akusamba, madzi asapitirire m'chiuno. Madzulo mudye nkhuku yowotcha yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, imene amaitcha frango à zambeziana. Tsiku limenelo musawerengere ndalama.

Malo awiri amenewa, Gurué ndi Quelimane, akukwanirani masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Wina adzakuuzani kuti poti mwafika kale, pitirirani ku Nampula mpaka ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene chinali likulu la dzikolo mpaka 1898. N'kokongoladi, koma n'kutali, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ana a msinkhu uwu akakhala pa galimoto masiku atatu otsatizana amasanduka adani anu. Kumpoto kwenikweni, ku Cabo Delgado, kwakhala kuli zigawenga kuyambira 2017, kumeneko musayandikireko, ndipo musananyamuke mvetserani nkhani kuti mudziwe ngati misewu ya ku Zambézia ili pa mtendere.

Tsono za ku Joni, poti abambo awo sangangogonja. Ngati agogo atanena kuti nkhani ya banja lanu ndi ya ku migodi, ulendo umenewo ulinso ndi tanthauzo, bola usathere m'nyumba ya alamu anu ndi m'mashopu a mabulangete. Umayambira pa Wenela mu Blantyre, dzina limene ana amaliyesa la depoti chabe, pamene ndi la bungwe lija linkalemba amuna a kuno ntchito za m'migodi ya golide. Mu April 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Basi imadutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, tsiku ndi theka kapena kuposerapo malinga ndi mizere ya pa zipata. Ku Johannesburg apiteni ku Workers' Museum ku Newtown, komwe kuli komponi yakale ya anthu obwera kudzagwira ntchito, akaone mabedi a simenti amene amuna ankagonapo mothithikana. Apiteni ku Apartheid Museum, komwe tikiti yako imakuuza khomo lolowera, la azungu kapena la anthu akuda, ndipo banja limodzi limapezeka lagawidwa pakhomo pomwepo. Apiteninso ku Soweto, ku Orlando West, kumene kuli chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 amene anawomberedwa pa 16 June 1976 ana a sukulu akukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Tsiku la Mwana wa mu Africa limene inu mumakumbukira ndi ana a sukulu yanu linachokera pamenepo. Mnyamata wanu ndi wamkulu kale kuposa Hector.

Koma kambiranani moona mtima ndi alamu anuwo. Abale athu ambiri kumeneko amakhala m'chipinda chimodzi, amachoka m'bandakucha n'kubwera usiku, ndipo sanena kuti sangakwanitse alendo anayi chifukwa cha manyazi. Mungapezeke mwatsekeredwa m'nyumba sabata yathunthu, mukuonera wailesi yakanema, poti palibe wokuperekezani ndipo mwauzidwa kuti musatuluke nokha. Amalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Yang'anani deti imene adinda mu pasipoti, chifukwa kupitirira ngakhale pang'ono kumachititsa kuti akuletseni kulowanso m'dzikomo kwa chaka kapena kuposa. Mtsikana amene mwina adzafuna kukaphunzira kumeneko asayambe ndi banga lotere.

Kulikonse kumene musankhe, mapepala ndiwo oyamba, ndipo yambani mwezi uno. Aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe. Border pass ija anthu a ku Muloza amadutsira pokagula zinthu ku Milange singakufikitseni ku Gurué kapena ku Quelimane. Mtsikana anakwana kale zaka 16, ndiye ayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Wa zaka 14 mumutengere kalata ya kubadwa. Ofesi ya Immigration yapafupi ndi ya ku Blantyre, ndipo mukukumbukira mmene kusindikiza mapasipoti kunaimira kumayambiriro kwa 2024, ndiye musagule tikiti kapena kulipira pogona buku lisanafike m'manja. Onse awiri sanakwane zaka 18, choncho nyamulani makalata awo a kubadwa ngakhale wina atakuuzani kuti safunsa. Ngati kholo limodzi litatsala, lilembe kalata yololeza yodindidwa ndi loya kapena kukhoti, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso chake. Ine ndinaphunzira movutika. Chaka china ndinatenga mwana wa mchemwali wanga, dzina la bambo ake losiyana ndi langa, ndilibe kalata iliyonse. Pa chipata china anatikhazika pa benchi maola anayi, basi inatisiya, mwana akulira, ine ndikufotokoza kuti kwathu mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako. Wa pa kauntala anandiyankha mwaulemu kuti anthu ozembetsa ana amanenanso chimodzimodzi. Sanalakwe.

Ngati mukupita pa galimoto yanu, tengani blue book, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati ndi yobwereka. Pa chipata mudzalemba chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi ndi kugula inshuwalansi ya komweko, chifukwa Mozambique sali mu COMESA ndipo yellow card, inshuwalansi ya galimoto ya m'mayiko a COMESA, musaidalire. Ma triangle awiri ndi chovala chonyezimira chija zikhale pafupi, apolisi a pamsewu amazifunsa. Usiku musayende.

Ndalama zakunja ndiye mutu wina wowawa, nonse mukudziwa mmene zakhalira chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Pitani ku banki yanu msanga ndi mapasipoti ndi umboni wa ulendo, mufunsenso ngati khadi yanu ikagwire kunja ndi malire ake pa tsiku. Osintha ndalama a pa chipata amawerenga mofulumira dala, ndiye musinthe zochepa zoyambira, muwerenge nokha kawiri ndalama yanu isanachoke m'manja. Gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse mulibise padera, abambo asalidziwe n'komwe, n'la matenda kapena galimoto ikafa. Malungo a kunyanja ndi aukali kwa anthu ozolowera kuzizira kwa ku Thyolo. Tengani maneti anu, mankhwala opaka othamangitsa udzudzu, ndipo mwana akatentha thupi, ngakhale patatha masabata awiri mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo. Madzi akumwa akhale a m'botolo kapena othira WaterGuard.

Za foni musalimbane naye mnyamatayo, mudzaluza. Mupatseni udindo. Iye ndiye agule SIM ya Vodacom kapena Movitel pa Milange, asunge mapu mu foni musanachoke pamene intaneti ilipo, aphunzire kuwerenga m'Chipwitikizi kuyambira um mpaka dez ndi kufunsa kuti quanto custa. Pa msika inu mungoima kumbuyo, iye ndiye atsitse mtengo wa nthochi. Akaberedwa pang'ono musamudzudzule pagulu, mawa adzachenjera yekha. Mtsikana asunge kabuku ka ndalama, madzulo aliwonse alengeze zimene zatsala, ndipo akhale ndi mphamvu yokana ngati abambo ake akufuna kugula chinthu chosakhala pa bajeti. Mudzadabwa mmene mwana amene kunyumba amapempha ya bandulo tsiku lililonse amaumira manja thumba likakhala lake. Aliyense asankhe tsiku limodzi loti banja lonse litsate zofuna zake popanda kung'ung'udza, ngakhale zitakhala kukaonera mpira wa m'dera pa bwalo la fumbi. Lamulo la foni likhale limodzi lokha, ndipo likhudze akulu omwe: pa chakudya zonse zikhale m'thumba.

Chinanso, inu aphunzitsi muli ndi matenda amene inenso ndili nawo, osandutsa chilichonse kukhala phunziro. Mukafika pa malo, nenani mawu ochepa, kenako khalani chete. Musawafunse madzulo kuti mwaphunzirapo chiyani lero. Siyani m'mawa wina wopanda pulogalamu kuti agone mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lachitatu kapena lachinayi padzabuka mkangano, nthawi zambiri chifukwa cha njala kapena kutopa, ndiye agulireni chakudya musanayambe kuweruza mlandu. Pogona, ngakhale ndalama zili zochepa, tengani zipinda ziwiri, inu ndi mtsikana, abambo ndi mnyamata. Namwali wa zaka 17 amafuna pobisala posintha zovala, ndipo mapadi ake anyamule okwanira kuchokera kuno kuti asakavutike kufotokoza m'sitolo ya chilankhulo china. Aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina la malo ogona ndi nambala zanu, chifukwa foni imatha moto nthawi imene ukuifunitsitsa.

Pobwerera musiye malo m'chikwama a chitenje cha agogo, kumeneko amati capulana, ndipo akasankhe ndi anawo. Mukakafika akawaonetse zithunzi za Namuli ndi mawu amene ajambula kwa anthu a kumeneko. Agogo adzatsutsa zina, adzati ayi, amenewo akulankhula Chilhomwe cha kumtunda, ife timati chakuti, ndipo mkangano umenewo udzatenga madzulo onse. Abambo a kunyumbako muwauze kuti Joni sathawa. Achimwene awo abwera okha pa Khirisimasi, mabulangete ali pa denga la basi.